Musanalembe “abhor”, yambani mwalinena m'Chichewa

Ndinali Fomu 3 pamene ndinalembera amalume kalata imene inandilanda malo pamphasa yawo kwa zaka 11. Sinali kalata yaitali, linali tsamba limodzi lothothola m'kope, ndipo ululu wake wonse unali m'liwu limodzi la Chingerezi, la zilembo zisanu zokha: “abhor”. Ndikufuna ndikuuzeni za liwu limeneli ndi abale ake, ana anga, inu amene muli kusekondale ndi kukoleji, ndi inu amene mwangoyamba ntchito zolemba makalata. Ndaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma, ndipo dzenje lomwe ndinagweramo ine ndaona ana ambiri akuthamangira komweko.

Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho fizi ankandilipirira ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo ankalima fodya. Chaka chimenecho fodya sanayende bwino ku okushoni, ndalama zinachedwa, ndipo ine anandibweza kusukulu kawiri pa teremu imodzi. Amene munathamangitsidwapo fizi mukudziwa mmene zimawawira: dzina lako kuitanidwa pa asembule, iwe n'kumanyamula kachikwama kulowera kugeti anzako akulowa m'kalasi. Amalume analonjeza katatu, katatu konse osatheka. Tsiku lina mtima utandikwera ndinakhala pansi n'kulemba, ndipo ndinasankha kulemba m'Chingerezi kuti amve kuti akulankhula ndi munthu wa sukulu. Pakati pa tsambalo ndinaika chiganizo ichi: “Uncle, I abhor you for breaking your promises.”

Chimene ndinkafuna kunena chinali chakuti, amalume, mwandikhumudwitsa. Basi. Ndinali ndi kope lina limene ndinkasungamo mawu akuluakulu, ndipo patsamba lina ndinali nditakopera kwa mnzanga mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo: “dislike, hate, detest, loathe, abhor”. Pambali pake ndinangolemba kuti “kudana ndi, kusakondwa ndi”. Kwa ine onse asanu anali amodzi, kusiyana kwake kunali kwakuti lomalizalo linkamveka lophunzira kwambiri. Ndiye ndinatola lomalizalo.

Patatha masabata awiri fizi inafika yonse, koma popanda kakalata kalikonse. Ndinadzamva kwa amayi kuti amalume agulitsa njinga yawo. Anapitiriza kundilipirira mpaka ndinamaliza Fomu 4, osadumphitsa teremu. Koma kuchokera tsiku limenelo sanandiitanenso kuti mphwanga. Ndikapita kutchuthi ankandipatsa moni wa alendo, “Muli bwanji, a sukulu?” ndipo nsima yanga inkabwera pambale yakeyake. Ine ndinkangoti ndi ukalamba.

Zinadzaululika nditapeza mbeta. Kwathu munthu sukwatira popanda amalume, iwo ndiye mutu wa unkhoswe, choncho ndinapita kukawauza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi Baibulo lawo la Chingerezi, la King James, lachikuto chakuda chomwe chinali chitayamba kusupuka m'makona. Amalume sanapite patali ndi sukulu, koma Chingerezi anachiphunzira m'buku limeneli, kuwerenga usiku uliwonse pa koloboyi. Anatsegula pa Yobu mutu 19, pamene Yobu akudandaula kuti ngakhale abwenzi ake apamtima akunyansidwa naye. Mneni amene ali pamenepo m'Baibulo limenelo ndi yemweyu “abhor”. Ndipo pakati pa masamba amenewo panali kalata yanga, itapindidwa kanayi, itachita chikasu.

“Werenga,” anatero. Ndinawerenga. “Tsopano undimasulire m'chilankhulo cha amayi ako. Undiyang'ane.”

Nthawi imeneyo ndinali kale mphunzitsi, tanthauzo lenileni ndinali nditalidziwa. Chichewa chake chinali pakamwa pomwepa: amalume, mumandinyansa. Koma lilime linakana. Ndinayesa kawiri, mawu osatuluka. Munthu anagulitsa njinga yake chifukwa cha ine, ali pampando wa ndalema patsogolo panga, imvi zili mbuu, ndimuuze kuti amandinyansa? Ndinagwada pansi, misozi ili chuchuchu. Iwo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, “Ndinkadziwa kuti sungathe. Koma unalemba, mphwanga.” Aka kanali koyamba kunditchula choncho m'zaka 11.

Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene palibe buku la galamala linandiphunzitsapo. Mawu a chilankhulo chobadwa nacho timawadziwa pamodzi ndi kulemera kwake. Liwu loti “umandinyansa” unalimva koyamba pamkangano weniweni, unaona nkhope ya wonenayo, unaona wouzidwayo akutola mpango wake n'kumapita, unaona akuluakulu akukhala pansi kukamba mlandu. N'chifukwa chake sungalitulutse mwachisawawa. Koma liwu la Chingerezi umakumana nalo pamndandanda, lilibe nkhope, lilibe fungo, silinakulizepo. Chingerezi kwa ife chili ngati phale lopalira moto kwa aneba: wonyamula samva kutentha, koma ukamukhuthulira mnzako m'manja, amapsa ndithu. Choncho langizo langa loyamba, ndipo ndi lalikulu kuposa onse amene nditi ndinene, ndi ili: musanalembe liwu lolemera la Chingerezi, linenereni kaye m'Chichewa, mokweza, mukuona m'maganizo nkhope ya amene mukumulemberayo. Lilime likakana m'Chichewa, dzanja lisalembe m'Chingerezi.

Koma kuti mumasulire molondola muyenera kulidziwa liwulo mpaka ku mizu, ndiye tiyeni tifukule.

“Abhor” linachokera ku Chilatini, ndipo linalowa m'Chingerezi cha m'ma 1400. Lili ndi zigawo ziwiri. “Ab” ndi kuchoka kapena kutalikira, “horrere” ndi kuimirira kwa tsitsi ndi ubweya, kunjenjemera, chimene ife timati kuchita tsemwe. Ku muzu womwewo ndi kumene kunachokera “horror” ndi “horrible”. Taganizirani mukudutsa kanjira ka m'munda m'mawa, phazi latsala pang'ono kutera, n'kuona kuti pansipo pali galu wakufa, watupa, mphutsi zili nyakanyaka. Simuyamba mwaganiza. Thupi limadzibweza lokha m'mbuyo, khungu lonse tsemwe, dzanja pamphuno. Kubwerera m'mbuyo kumeneko ndiye “abhor”. Tsono mwaona chimene ndinawauza amalume? Ndinawauza kuti ndikawaona thupi langa limachita zimenezo.

Abale ake nawonso aliyense ali ndi kwawo. “Detest” ndi la Chilatininso, ndipo m'kati mwake muli liwu lotanthauza mboni, lomwe likupezekanso mu “testify” ndi “testimony”. Poyambirira linkatanthauza kutemberera chinthu uku ukuitana milungu kuti ikhale mboni, monga munthu wolumbira pagulu kuti ichi ine ayi, onse amve. “Abominate” lili ndi “omen” m'kati, ndipo “omen” ndi chizindikiro cha zimene zikubwera, pano zoipa, zimene ife timati malodza. Ndi kufulatira chinthu chifukwa ndi malodza, ndipo dzina lake, “abomination”, ndi limene m'Mabaibulo athu mumalipeza ngati chonyansa. “Despise” ndi kuyang'anira pansi, ndiko kunyoza, kuderera, kuja kotsonya munthu akamadutsa. Ili musalisokoneze ndi enawo: munthu ukhoza kumuda koma ukumuopa kapena kumulemekeza, pamene “despise” akutanthauza kuti sumuwerengera n'komwe.

“Loathe” ndi “hate” okha ndi a m'nyumba, mawu akale a Angerezi eniake, amene analipo asanabwere a Norman m'chaka cha 1066 ndi Chifalansa chawo. “Loathe” amakhala m'mimba. Ndi nseru, ija imakugwira ukangomva fungo la chakudya chimene chinakudwalitsapo. “Hate” ndi liwu la tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa chogwiritsidwa ntchito kwambiri lafanana ndi tsobola wakale. Mngerezi amati “I hate Mondays” kapena “I hate this weather” akumwa tiyi, mtima uli m'malo. Komabe chenjerani, tsobola ameneyu sawawa pa zinthu zokha. Mukaloza munthu n'kunena kuti “I hate you”, amawawa ngati wothyola lero.

Mndandanda wa m'kope langa uja sunali wabodza. Unangobisa chinthu chimodzi, chakuti mawuwo ndi makwerero. Ifenso tili nawo makwerero athu ndipo sitiwasokoneza: sindinakondwe, zandikhumudwitsa, zandiwawa, zandiipira, ndikudana nazo, zikundinyansa. Palibe Mchewa amene amadumpha kuchoka pa loyamba kufika pa lomaliza chifukwa choti fizi yachedwa. Chingerezi nacho chimayambira pansi: “I am disappointed”, “I am hurt”, “I don't like it”, “I can't stand it”, kenako “hate”, “detest”, “loathe”, ndipo pamwamba penipeni, moyandikana ndi “abominate”, pali “abhor”. Chimene chinali mumtima mwanga tsiku lija chinali pa sitepe yoyamba. Ndikanangolemba kuti “Uncle, I am hurt and I am afraid I will lose my place”, amalume akanandiyankha ndi kalata yondilimbitsa mtima.

Palinso kusiyana kwina kumene ambiri sakuona. “Loathe” ndi “detest” amatha kugwera pa munthu, pa chakudya, pa ntchito, ndipo eni chilankhulo amawagwiritsa ntchito ngakhale pocheza. “Abhor” ndi wa mwambo, wa pa pepala ndi pa guwa, ndipo kawirikawiri amagwera pa mchitidwe woipa: nkhanza, tsankho, kupha, katangale, kuzunza ana. Amanena za chikumbumtima cha wolankhulayo, kuti ichi chikutsutsana ndi umunthu wanga wonse. N'chifukwa chake pa Aroma 12:9 omasulira Baibulo la King James la 1611 anasankha liwu limeneli ponena za mmene wokhulupirira ayenera kuchitira ndi choipa. Taonani kuti pamenepo lalunjika pa choipacho. Ine ndinalilunjikitsa pa munthu, ndiponso munthu wondilera.

Liwuli linafika mpaka potcha dzina gulu la ndale ku England. M'zaka za 1679 ndi 1680, anthu ambiri ankasainira zikalata zopempha mfumu Charles II kuti iitanitse nyumba ya malamulo, imene ambiri mwa aphungu ake ankafuna kuletsa James, mng'ono wake wa mfumuyo, kudzalowa ufumu chifukwa anali Mkatolika. Anthu amenewa anatchedwa Petitioners. A mbali ya mfumu anayankha ndi zikalata zawo zonena kuti akunyansidwa ndi mchitidwe wokakamiza mfumuwo, ndipo anatchedwa Abhorrers. Magulu awiriwa ndi amene posakhalitsa anadziwika kuti Whigs ndi Tories. Ndikukuuzani izi kuti muone msinkhu wa liwuli: ndi loti anthu amasainira pansi pake, dziko n'kugawikana. Mudzakumananso nalo m'mwambi wawo woti “nature abhors a vacuum”, ganizo lakale lochokera kwa Aristotle loti chilengedwe sichilola malo opanda kanthu. Masiku ano amaunena pofuna kutanthauza kuti mpando ukasiyidwa wopanda munthu, wina amakhalapo msanga. Pamenepo pokha ndi pamene mungalimve liwuli lopanda ukali.

Tsopano za kamangidwe ka chiganizo, chifukwa apa ndi pamene Chichewa chathu chimatikoka mwendo. M'Chichewa timati kudana ndi munthu, kunyansidwa ndi chinthu. Ka “ndi” kameneka ana amakanyamula kupita nako ku Chingerezi, n'kulemba kuti “I abhor with corruption” kapena “I detest with lies”. Ndadula zimenezi ndi cholembera chofiira kosawerengeka. Aneni onsewa safuna mperekezi, pamtherankhani amabwera pompo: “I abhor corruption”, “She detests lies”, “He loathes the smell of paraffin”. Ngati chodedwacho ndi ntchito, mneni wachiwiri amatenga “-ing”: “I detest being lied to”, “She loathes waiting”.

Msampha wachiwiri ndi woopsa kuposa woyambawo chifukwa umatembenuza tanthauzo. Ife timati katangale amandinyansa. Mwininkhani ndi katangale, ine ndili kolandira. Mwana akamasulira liwu ndi liwu amalemba kuti “Corruption abhors me”, zimene zikutanthauza kuti katangaleyo ndi amene akunyansidwa ndi iye. Pa “abhor”, “loathe” ndi “detest”, woyamba m'chiganizo ndi munthu amene akumva kunyansidwako. Mukafuna kuyamba ndi chinthucho, monga timachitira kwathu, njira zilipo ziwiri: “Corruption disgusts me” kapena “Corruption is abhorrent to me”. Yachiwiriyi ndi imene mudzaimve kwambiri pa wailesi, atsogoleri akamadzudzula zauchifwamba, chifukwa mfotokozi “abhorrent” ndi dzina “abhorrence” amamveka kawirikawiri kuposa mneni weniweniyo.

Chachitatu, ife timati ndikudana nazo, ndipo “-ku-” ameneyu amatinyenga kuti tilembe “I am abhorring”. Ayi. Aneni onena za mumtima ngati amenewa sakonda “am” ndi “-ing”. Ndi “I abhor”, monganso timati “I know” osati “I am knowing”.

Pa kalembedwe, “r” amawirikiza: “abhorred”, “abhorring”, “abhorrent”. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya liwu ili pa phatikizo lomaliza, monga “prefer” amapereka “preferred” ndipo “occur” amapereka “occurred”. Potchula, “h” uja amveke, chifukwa mukamumeza zimamveka ngati “a bore”, munthu wotopetsa. Ndipo samalani ndi mapasa awa: “loathe” wa “e” kumapeto ndi mneni, kunyansidwa, pamene “loath” wopanda “e” ndi mfotokozi, ndipo amangotanthauza kusafuna, kuchita mphwayi. Munthu wolemba kuti “I am loath to leave” akuti sakufuna kuchoka, sakudana ndi aliyense. Ngakhale eni chilankhulo amapunthwa pamenepa. “Th” wa mu “loathe” ndi wa mu “clothe” ndi “breathe”, lilime pakati pa mano, mawu akulira pakhosi. Phokoso limeneli m'Chichewa mulibe, ndiye ambiri timaliponyera ku “v” kapena “f”. Yeserani mpaka likhazikike, chifukwa pa foni yosamveka bwino “I loathe it” ndi “I love it” amayandikana koopsa.

Zonsezi zili mu dikishonale, koma ana ambiri amawerenga mzere woyamba wokha n'kutseka. Dikishonale imene ambiri tinakulira, Oxford Advanced Learner's, inayambitsidwa ndi A. S. Hornby, mphunzitsi amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan kwa zaka zambiri. Iye anaona kuti mlendo m'chilankhulo sasowa tanthauzo lokha, amasowanso kudziwa kuti liwulo limayenda ndi ati, ndipo limanenedwa pati. N'chifukwa chake buku lake, limene a Oxford anasindikiza mu 1948, linadzaza ndi ziganizo za zitsanzo. Mukatsegula pa “abhor” mupeza kachizindikiro kakuti “formal”. Kachizindikiro kameneko ndi chenjezo, monga chikwangwani cha pa mlatho chonena kulemera kwa galimoto zololedwa. Werengani zitsanzo zonse, muone mtundu wa zinthu zimene zikubwera pambuyo pa mneniyo. Ndipo ngati muli ndi mphunzitsi pafupi, funsani. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa.

Ndikudziwa chimene chimakukokerani ku mawu akuluakulu. Popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE simuiona, ndipo pali chikhulupiriro pakati pa ana a sukulu choti wochonga mayeso amagonja akaona liwu losowa. Ndachonga zimangirizo zambirimbiri, ndikuuzeni zoona: chimene chimakondweretsa wochonga ndi liwu lokwana pamalo pake. Mwana wina anandilembera kuti “I abhor the beans we eat at school”. Ndinamumvetsa, nyemba zofumbwa za kugonera tonse tinadya. Koma ndinamuitana n'kumufunsa kuti, mwana wanga, ngati nyemba wazipatsa liwu limeneli, tsiku lodzalemba za munthu wogwirira kamwana udzatenga liwu liti? Anaganiza, n'kufufuta, n'kulemba “I can't stand”. Chiganizo chinakhala bwino, ndipo liwu lalikulu lija analisunga.

Kwa inu amene mukupita kunja, kaya ku Johannesburg, kaya ku Britain kukasamalira okalamba monga anachitira ana athu ambiri, pali china choti mudziwe. Angerezi amakonda kuchepetsa mawu. Bwana akakuuzani kuti “I'm not very happy about this”, dziwani kuti zinthu zaipa kale, musadikire kuti akalipe. Tsono pakati pa anthu olankhula motsitsa chonchi, inu mukabwera ndi “I detest” kapena “I abhor” pa nkhani ya ndandanda ya ntchito kapena chakudya chimene akupatsani, amakuonani ngati munthu waukali woti n'kumusamala. Pokana chakudya pali “I'm not keen on it” kapena “It doesn't agree with me”. Pokana ntchito pali “I'd rather not”. Podandaula pali “I'm concerned about”. Si mantha amenewo. Ndi ulemu womwe uja timachita kwathu pokana nsima ya eni ake ndi mawu oti ndangodya kumene, zikomo. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Ndipo inu muli pangozi kuposa mmene ndinalili ine. Kalata yanga inafuna kuti ndipeze envelopu ndi sitampa, ndiyende wapansi kukaponya, ndipo nthawi yonseyo ndinali ndi mpata wobweza mtima, ngakhale sindinaugwiritse ntchito. Inu chala chikangogunda pa WhatsApp kapena pa Facebook, zapita. Amalume anasunga pepala limodzi m'Baibulo, ndipo analiona iwo okha. Zanu anthu amazijambula n'kutumizirana m'magulu, zidzakupezani tsiku lofunsira ntchito kapena lofunsira banja. Ndimaona achinyamata akulemba za anthu a chipani china, a mtundu wina, a mpingo wina, ndi mawu a Chingerezi amene sangayerekeze kuwanena m'Chichewa pamaso pa mnzawo wa mtundu umenewo amene amakhala naye chipinda chimodzi ku hositelo. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri sakumva kutentha kwa zimene anyamula.

Musandimve molakwa, sindikuti liwuli mulitaye. Pali zinthu padziko pano zoyenera kunyansidwa nazo, ndipo munthu amene alibe chomunyansa ndi woopsa. Pa 21 March 1960 apolisi a boma la tsankho ku South Africa anawombera anthu opanda zida ku Sharpeville n'kupha 69, ambiri mwa iwo kumsana akuthawa. Mu May 2008 m'dziko lomwelo anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo abale athu ambiri anabwerera kuno pa mabasi ali chimanjamanja. Zoterezi “I don't like” sakwanira, ndipo kuzinena ndi liwu lopepuka n'kulakwira akufawo. Liwu lolemera linapangidwira masiku ngati amenewo. N'chifukwa chake ndikuti musalimalize pa nyemba, pa fizi yochedwa, kapena pa chibwenzi chimene sichinayankhe uthenga.

Ine chichokereni pakhonde la amalume paja sindinalilembenso liwuli kwa zaka zambiri, kupatula pa bolodi pophunzitsa. Ukwati wanga anauyendetsa okha amalume, ndipo pomwalira anandisiyira Baibulo lija, kalata ili momwemo pa Yobu 19.

Ndinadzalilembanso nditapuma kale ntchito. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lathu linalowa m'manyazi aakulu, anthu achialubino akubedwa, kuphedwa, ngakhale manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza loti ziwalo zawo zimalemeretsa. Kudera kwathu makolo ena anasiya kutumiza ana awo kusukulu. Komiti ya kumpingo inagwirizana zolemba chikalata chopita kwa akuluakulu a boma ndi mabungwe, ndipo poti chinafunika m'Chingerezi, anandipatsa ine cholembera. Ndinakhala usiku wonse. Ndinayamba ndi “We are concerned”, ndinaona kuti ndi madzi. Ndinayesa “We condemn”, linali bwino, koma linkamveka la mu ofesi, lonena za pakamwa osati za m'thupi. Kenako dzanja linalemba lokha: “We abhor the killing of persons with albinism.” Ndinaliyang'ana liwulo nthawi yaitali, mtima ukugunda.

M'mawa mwake tinakumana m'kalasi ya Sande sukulu, anthu ngati 20, titakhala pa mabenchi a ana. Ndinawauza kuti sindingatumize chikalatacho ndisanawamasulire chiganizo chilichonse, kuti asasainire zimene sanamve. Pa benchi yakutsogolo panali mayi wina amene mwana wake wamkazi ndi wachialubino, ndipo kamtsikanako kanali pambali pake, katavala chipewa chachikulu, kakusewera ndi ngonya ya chitenje cha amake. Nditafika pa chiganizo chija ndinaika pepala pansi, ndinawayang'ana onse m'maso, n'kunena kuti, “Apa talemba kuti kupha anthu achialubino kukutinyansa. Kukutichititsa tsemwe. Thupi lathu lonse likukana.” Mawu anatuluka onse, lilime silinakodwe paliponse.

M'chipindamo munati zii. Kenako mayi uja anakoka mwana wake n'kumukhazika pamiyendo, nati, “Lembani momwemo, aphunzitsi. Musachepetseko.”